Paris M'maso mwa Ambiri: Mbiri ya Mafilimu a Nkhani Zingapo ku France

Kanema wa ku France anabadwa ali zidutswazidutswa. Pa 28 Disembala 1895, ku Grand Café mumzinda wa Paris, anthu analipira pakhomo kuti aone timafilimu khumi ta Auguste ndi Louis Lumière, kalikonse kosakwana mphindi imodzi. Patapita zaka, filimu ya nkhani imodzi yaitali ndiyo inatenga malo, koma chizolowezi cholumikiza tinkhani tingapo sichinafe. Afalansa amatcha filimu yotere film à sketches, ndipo mbiri yake imaonetsa mmene mtunduwo wakhala ukudzionera, komanso anthu amene wakhala ukuwasiya kunja.

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mafilimu otere anali malonda chabe. Eni ndalama a ku France ndi Italy ankasonkherana, n'kulemba osewera otchuka masiku owerengeka aliyense, kuti mayina achuluke pa chikwangwani. Mu 1952 kunatuluka Les Sept Péchés capitaux, yonena za machimo akuluakulu asanu ndi awiri, momwe munali Claude Autant-Lara ndi Roberto Rossellini. Mu 1960 kunabwera La Française et l'Amour, yomwe inkafuna kulongosola mkazi wa ku France pa nkhani ya chikondi kuyambira ali mwana. Otsogolera kujambula kwake analipo asanu ndi awiri, kuphatikizapo René Clair ndi Jean Delannoy, ndipo onsewo anali amuna.

Pa nthawiyo n'kuti mkangano utabuka kale. Mu Januwale 1954, François Truffaut analemba nkhani m'magazini ya Cahiers du cinéma yodzudzula akuluakulu a kanema kuti ankangokongoletsa mabuku a ena. Iye ndi anzake ankati mwini filimu weniweni ndi wotsogolera kujambula, amene dzanja lake liyenera kudziwika monga la mlembi wa buku. Munthu wotereyu anamutcha auteur. Wina akanaganiza kuti ganizoli lipha filimu ya anthu ambiri, koma m'malo mwake linaipatsa ntchito yatsopano: akatswiri akapatsidwa mutu umodzi, woonera amatha kuyerekeza luso lawo mosavuta. Nchifukwa chake mu 1962 machimo aja anajambulidwanso, Jean-Luc Godard atatenga ulesi, Claude Chabrol umbombo, Jacques Demy chilakolako.

Filimu yomwe imakumbukiridwa kwambiri pa zonsezi ndi Paris vu par ya mu 1965. Barbet Schroeder, mnyamata wa zaka zosakwana 25 yemwe anayambitsa kampani ya Les Films du Losange pamodzi ndi Éric Rohmer, anapempha akatswiri asanu ndi mmodzi kuti aliyense asankhe dera la mzindawo. Anajambula ndi kamera zopepuka za 16mm, zotsika mtengo, zotheka kulowa nazo m'khamu la pamsewu. Jean Douchet anatenga Saint-Germain-des-Prés, Jean-Daniel Pollet msewu wa Saint-Denis, Rohmer bwalo la Étoile, Godard Montparnasse ndi Levallois.

Paris wa m'filimuyi si uja wa pa makadi ogulitsa kwa alendo. M'gawo la Jean Rouch, lotchedwa Gare du Nord, mkazi wachitsikana akangana ndi mwamuna wake m'mawa, phokoso la omanga nyumba likusokosa pawindo. Kamera imulondola pafupifupi osadukiza mpaka pamsewu, pomwe mlendo amupempha kuti athawe naye. Atakana, mlendoyo adziponya kuchoka pa mlatho kugwera pa njanji. M'gawo la Chabrol, La Muette, mwana wa banja lolemera atseka makutu kuti asamve makolo ake akukangana, ndipo mayi ake atagwa pa masitepe iye samva kubuula kwawo. Chabrol mwini anasewera ngati bambo wa mwanayo. Chifalansa chomwe akatswiriwa anaonetsa ndi cha nyumba zothina, mabanja osamvana ndi anthu osungulumwa pakati pa khamu.

Komabe filimuyi inakhala chete pa zina. Pa 17 Okutobala 1961, apolisi a ku Paris motsogozedwa ndi Maurice Papon anapha anthu ambiri a ku Algeria omwe ankachita zionetsero, ena n'kuponyedwa mumtsinje wa Seine. Algeria inalandira ufulu mu Julayi 1962, koma antchito ake ambiri anakhalabe m'zisakasa za ku Nanterre, kufupi ndi mzindawo. M'nkhani zisanu ndi imodzi zija mulibe yonena za iwo. Rouch, yemwe anajambula kwambiri ku Niger ndi Côte d'Ivoire, nayenso anasankha banja la azungu. Chikhalirecho, Paris anali ataonedwa kale ndi maso a Aafirika: mu 1955 Paulin Soumanou Vieyra ndi anzake anajambula Afrique-sur-Seine mumzindamo, poti lamulo la Laval la mu 1934 linkachititsa kuti kujambula m'mayiko olamulidwa ndi France ku Africa kuzifuna chilolezo cha atsamunda.

Pang'onopang'ono chitseko chinayamba kutseguka. Mu 1967 Chris Marker anasonkhanitsa anzake, kuphatikizapo Godard ndi Alain Resnais, kukonza Loin du Vietnam yotsutsa nkhondo ya America ku Vietnam, dziko lomwe France inalilamulira mpaka 1954. Mu 1984 kunatuluka Paris vu par yachiwiri, ndipo ulendo uno munali mkazi, Chantal Akerman wa ku Belgium, yemwe anaonetsa atsikana awiri akufika mumzindamo ali ndi njala. Mu 1995, pokumbukira zaka 100 za kanema, Lumière et compagnie inapereka kamera yakale ya a Lumière kwa akatswiri a mayiko osiyanasiyana, aliyense masekondi 52. Pakati pawo panali Idrissa Ouedraogo ndi Gaston Kaboré a ku Burkina Faso.

Mu 2006 kunabwera Paris, je t'aime, ya nkhani 18, iliyonse m'chigawo chake cha mzindawo. Ambiri mwa oijambula anali alendo, ndipo akale ananena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Walter Salles ndi Daniela Thomas a ku Brazil anaonetsa mayi wobwera kuchokera kunja akusiya khanda lake m'mamawa kumalo olererako ana, n'kuyenda ulendo wautali kukalera mwana wa olemera m'chigawo cha 16. Ndi chigawo chomwecho chimene Chabrol anajambula mu 1965, koma tsopano kamera inalowa pamodzi ndi wantchito. Oliver Schmitz wa ku South Africa, yemwe anatchuka ndi Mapantsula mu 1988, anajambula mwamuna wa ku Africa atabayidwa pa bwalo la Place des Fêtes, akupempha mtsikana wa ambulansi kuti amwe naye khofi.

Ngakhale zinali choncho, dongosolo la filimuyi linali ndi malire ake. Inatsata zigawo za mkati mwa Paris, pamene zipolowe zomwe zinagwedeza dziko lonse zinayambira kunja kwa mzinda, ku Clichy-sous-Bois, pa 27 Okutobala 2005, miyezi ingapo filimuyi isanaonetsedwe ku Cannes. Madera a kunjawo, komwe kumakhala ana ambiri a obwera, anangooneka ngati pochokera wantchito.

Mafilimu a nkhani zingapo amatsimikiza mwambi woti mutu umodzi susenza denga, pakuti palibe katswiri mmodzi angalongosole mtundu wonse. Koma mbiri yake ikuonetsanso kuti mphamvu yaikulu ili ndi wosankha oitanidwa ndi wolemba malire a nkhani. Kuchokera pa amuna asanu ndi awiri a mu 1960 kufikira alendo a mu 2006, chithunzi cha France chakhala chikusintha nthawi iliyonse pamene kamera yaperekedwa kwa amene poyamba ankangodutsa kumbuyo kwa osewera.