Nkhope Zapakhoma: Mbiri ya Kusunga Zithunzi za Akatswiri ku Chitawira

Munthu wokhala ku Chitawira safuna minibasi kuti akaonere mpira. Bwalo la Kamuzu ndi loyenda wapansi, Njamba ili pakhomo, ndipo nyumba za wailesi ya MBC ku Chichiri ndi za kanema ku Kwacha zili chapafupi pomwepo. Chifukwa cha ichi, ana okulira m'derali, pamodzi ndi anzawo a ku Naperi, Nkolokosa ndi Zingwangwa, akhala akuona ndi maso anthu amene Amalawi ena ankangowamva pawailesi. Mwayi umenewu unalimbikitsa chizolowezi chosonkhanitsa zithunzi za osewera mpira, oyimba ndi azisudzo, komanso mwa apo ndi apo kuwapempha kuti asayine dzina lawo pakapepala. Makolo ambiri ankachiyesa chibwana. Komatu chizolowezichi chili ndi mbiri yaitali, ndipo zimene ana aja anasunga ndizo lero zikutikumbutsa kumene tachokera.

Chiyambi chake chili kutali ndi kuno. M'zaka za m'ma 1500, ophunzira a m'masukulu aukachenjede ku Germany ankayenda ndi timabuku topanda zolemba. Akakumana ndi mphunzitsi wotchuka kapena mnzawo wapamtima, ankamupempha kuti alembemo mawu ochepa ndi dzina lake, ngati umboni woti anaonanadi. Nkhope inabwera pambuyo pake. Luso lojambula ndi kamera linalengezedwa ku Paris mu 1839, ndipo mu 1854 wojambula wina wa mumzinda womwewo, André Disdéri, anapeza njira yotulutsira tizithunzi tating'onoting'ono tambiri pamtengo wotsika. Posakhalitsa masitolo anayamba kugulitsa nkhope za mafumu, olemba mabuku ndi azisudzo, ndipo anthu wamba ankagula n'kumaziika m'mabuku apadera. Prince Albert, mwamuna wa Mfumukazi Victoria, atamwalira mu 1861, zithunzi zake zinagulidwa zikwizikwi m'masiku ochepa chabe.

Nthawi yomweyo kamera inali itafika kale m'chigwa cha Shire. John Kirk, amene anatsagana ndi David Livingstone paulendo wa ku Zambezi kuyambira mu 1858, anali nayo. Koma kwa zaka zambiri chipangizochi chinali m'manja mwa amishoni, atsamunda ndi amalonda, ndipo iwo ndiwo ankasankha woyenera kujambulidwa. Mmodzi mwa Amalawi oyamba kuzindikira mphamvu ya chithunzi anali John Chilembwe wa ku Mbombwe ku Chiradzulu, amene anajambulitsa ndi banja lake komanso ndi mpingo wake atavala mwaulemu. Tchalitchi chake chinagwetsedwa mu 1915, koma zithunzi zinapulumuka chifukwa panali anthu amene anazisunga. Nkhope imene timaiona pandalama zathu inatipeza kudzera m'manja mwa anthu oterowo.

Kuti pakhale osonkhanitsa zithunzi, payenera kukhala anthu otchuka komanso malo owaonera. Ku Blantyre malowo anapezeka m'zaka za m'ma 1950, pamene bwalo la Rangeley linamangidwa ku Chichiri. M'bwalo lomweli ndimo mbendera ya Malawi inakwezedwa pa 6 Julaye 1964, ndipo pambuyo pake linatchedwa Kamuzu. Timu ya Wanderers inayamba mu 1962, ya Bullets inatsatira m'zaka zomwezo, ndipo mzinda unagawikana pawiri, Manoma a Wanderers uku, Maule a Bullets uko, mpaka m'nyumba imodzi momwe.

Koma chimene chinakweza mtengo wa chithunzi ndi wailesi. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo dziko linakhala zaka 35 lili ndi wailesi yakeyake koma lopanda kanema. Munthu ankadziwa dzina la wosewera, nambala yake, mwendo umene amamenyera, ngakhale dzina lake lachibwana, koma nkhope osaidziwa. Oulutsa mpira monga Steve Liwewe Banda ankamuthamangitsa wosewerayo m'makutu mwa omvera kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo omverawo ankatsala ndi njala yofuna kumuona. Chimodzimodzi ndi oyimba: mawu a Daniel Kachamba, Allan Namoko ndi Robert Fumulani ankadziwika m'nyumba iliyonse, pamene ambiri akanatha kudutsana nawo pamsika osawazindikira.

Njala imeneyi inkathetsedwa ndi nyuzipepala. Tsamba lakumbuyo la Daily Times ndi la Malawi News ndilo linkayamba kutha. Bambo akangomaliza kuwerenga, mwana ankabwera ndi lezala kapena sizasi. Magazini ya Moni, yosindikizidwa ku Limbe, inkapitanso njira yomweyo. Amene kwawo sikunkagulidwa nyuzipepala ankayang'anitsitsa pepala lokulungira mandazi kapena usipa, chifukwa mwina pamenepo ndi pamene pali goloboyi amene akumusowa. Zithunzi zodulazo zinkamatidwa ndi phala la ufa m'kope lakale la kusukulu, kapena pakhoma la chipinda cha anyamata. Panalinso msika wake: zithunzi ziwiri za osewera kumbuyo posinthana ndi chimodzi cha womwetsa zigoli, ndipo chithunzi cha timu yonse itaima pamzere sichinkasinthanitsidwa wamba.

Tisaiwale kuti masiku amenewo makoma anali ndi mwini wake. M'maofesi, m'masitolo ndi m'malo ena a anthu ambiri munkayenera kupachikidwa chithunzi cha Ngwazi Dr. H. Kamuzu Banda, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake. Nkhope yomweyo inali pandalama, pansalu za amayi ovina ndi pamabaji. Lamulo la 1968 linapatsa bungwe loona za mafilimu ndi mabuku mphamvu yoletsa kapena kudula zimene silinakondwe nazo, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973 linachititsa kuti zithunzi zambiri zakunja zizionedwa ndi diso lokayika. M'dziko lotere, khoma la kuchipinda ndi kope lobisidwa pansi pa mphasa anali malo ochepa pomwe wachinyamata ankadzisankhira yekha munthu womusirira.

Zaka za 1978 ndi 1979 zinadzaza makope amenewa. Motsogozedwa ndi mphunzitsi Ted Powell, timu ya dziko lino inatenga chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa kuno kwathu mu 1978 itagonjetsa Zambia 3-2, ndipo inachitetezanso ku Kenya chaka chotsatira. Kinnah Phiri, amene anamwetsera dziko lino zigoli 71, anali pakhoma la Maule ndi la Manoma lomwe. Pambali pake panali Jack Chamangwana ndi Boniface Maganga. Kenako kunabwera mbadwo wa Young Chimodzi, Lawrence Waya, Clifton Msiya ndi Ernest Mtawali, ulendo woyamba wa ku mpikisano wa Africa ku Ivory Coast mu 1984, mendulo ya mkuwa ku Nairobi mu 1987, ndi chikho china cha m'chigawo mu 1988.

Nkhope zakunja nazo zinkalowa, ngakhale movutikira. Achibale obwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare ankabweretsa magazini monga Drum ndi Parade m'masutikesi mwawo. Magazini ya mpira ya ku England, Shoot, imene inayamba mu 1969, inkazungulira m'manja ambiri mpaka kutsala masamba a mawu okhaokha. Ku Italy, kampani ya Panini inali itayamba mu 1961 kugulitsa tizithunzi ta osewera tomata m'buku, ndipo kuyambira mu 1970 inkatulutsa buku la chikho cha dziko lonse. Mwana wa ku Chitawira analibe ndalama zogulira zoterezi, koma ankachita zofanana ndi lezala ndi phala. Pelé, Muhammad Ali, Bruce Lee ndi Bob Marley ankakhala khoma limodzi ndi akatswiri a ku Ndirande ndi Bangwe, ndipo palibe ankaona chachilendo.

Siginecha sinazike mizu kuno monga inachitira ku Ulaya ndi ku America, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Choyamba, katswiri wathu sanali munthu wobisika. Osewera ambiri ankagwira ntchito masana kumakampani ndi m'maofesi, ankakwera basi imodzi ndi ochemerera, ankapezeka pamaliro ndi kutchalitchi. Munthu amene umamupatsa moni m'mawa uliwonse sumufunsa umboni wolemba. Chachiwiri, mwambo wathu sulola mwana kutambasulira wamkulu pepala ndi cholembera popanda mawu oyamba. Ankayenera kuyandikira mwaulemu, manja awiri, nati, "Achimwene, tandilemberaniko dzina lanu apa," ndipo ambiri mtima unkawathera panjira. Amene ankalimba mtima ankadikira pageti la osewera masewero atatha, nthawi zina mpaka mdima, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chimene Mmalawi ankachifuna koposa chinali kujambulitsa ndi katswiriyo. Apa ndi pamene ojambula oyendayenda anapezera ntchito. Ankazungulira bwalo ndi kamera pakhosi, kulandira theka la ndalama, n'kulonjeza kubweretsa chithunzi filimu ikadzadza ndi kutsukidwa. Zinkatenga sabata kapena mwezi. Chikatuluka bwino, chinkalowa m'felemu n'kukhala pabalaza pafupi ndi chithunzi cha ukwati wa makolo, ndipo mlendo aliyense ankamva nkhani yake. Papa Yohane Paulo Wachiwiri atabwera mu Meyi 1989, n'kutsogolera Misa ku Njamba ndi kukumana ndi achinyamata m'bwalo la Kamuzu, zithunzi ndi nsalu za ulendowo zinalowa m'nyumba zambiri za m'derali, ndipo zina zikadalipo.

Kusintha kwa ndale kwa 1993 ndi 1994 kunamasulanso makoma. Nyuzipepala zinachuluka, makalendala a oyimba ndi a matimu anadzaza misika ya Limbe ndi Blantyre, ndipo zipinda zoonetsera mavidiyo zinapachika nkhope za Jean-Claude Van Damme ndi Chuck Norris pakhomo. Kaseti inabweretsa mtundu wina wa chithunzi. Chikuto cha kaseti zogulitsidwa kwa O.G. Issa ku Limbe chinali ndi nkhope ya woyimba, ndipo ambiri anayamba kumudziwa Lucius Banda, Paul Banda kapena Evison Matafale pakapepala kameneko. Kaseti ikatafunidwa ndi wailesi, chikuto chinkasungidwabe. Ku French Cultural Centre ku Chichiri, oonerera zisudzo za Du Chisiza Jnr kapena za Izeki ndi Jakobo ankasunga timapepala toitanira anthu. Kenako mu 1999 kanema wa TVM anayamba kuulutsa, ndipo nkhope zinaleka kusowa.

Imfa ndiyo inaonetsa kufunika kwa zosungidwazi. Du Chisiza anamwalira mu 1999. Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, atangotulutsa zimbale ziwiri za Kuyimba. Zithunzi zake ndi zochepa kwambiri moti zomwezomwezo ndizo zimabwerezedwa pamalaya ndi pansalu chaka chilichonse anthu akamakamukumbukira ku Chileka. Lucius Banda atatisiya mu Juni 2024, anthu ambiri anavundukula masutikesi n'kutulutsa zithunzi zimene anajambulitsa naye zaka zambiri zapitazo.

Lero kamera ili m'thumba la aliyense. Wosewera akatuluka pageti la Kamuzu, kapena woyimba akatsika pansanja ku Robin's Park, amakumana ndi mafoni, ndipo mphindi yomweyo chithunzi chili pa Facebook ndi pa WhatsApp. Chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022 chinafika m'foni iliyonse usiku womwewo. Zimenezi n'zabwino, koma zabweretsa vuto latsopano. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imadzaza ndipo mwini wake amafufuta zakale. Mnyamata wa 1979 anali ndi zithunzi zochepa ndipo ankadziwa dzina la aliyense. Mdzukulu wake ali ndi zikwi, koma n'zokayikitsa ngati zidzafike kwa ana ake.

Kunja, zinthu zoterezi zasanduka malonda aakulu. Jezi imene Diego Maradona anavala posewera ndi England mu 1986, yomwe Steve Hodge anaisunga atasinthana naye, inagulitsidwa mu 2022 pamtengo woposa mapaundi 7 miliyoni. Kope la ku Chitawira silidzagulidwa motero, ndipo phindu lake silili m'ndalama. Masewero ambiri a m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 sanajambulidwe pakanema, magulu ambiri oyimba anatha osasiya chimbale, ndipo ojambula oyendayenda ambiri anapita pamodzi ndi mafilimu awo. Pali osewera ndi oyimba amene nkhope zawo zatsala m'manja mwa ochemerera okha. Nkhopezo zili pangozi ya chiswe, chinyezi, kusamuka kwa alendi ndi ana osadziwa amene amakolezera mbaula. Namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, tinataya miyoyo yambiri, ndipo mabanja opulumuka anatayanso zikumbutso zawo zonse.

Choncho inu amene muli ndi kope lotere, kapena felemu, kapena chikuto cha kaseti, chitulutseni mukadali ndi mphamvu. Lembani kumbuyo kwake ndi pensulo dzina la munthuyo, malo ndi chaka. Chijambuleni ndi foni, mutumizireko achibale awiri kapena atatu, ndipo chenichenicho muchisunge pouma. Khalani pansi ndi ana anu muwauze kuti uyu ndi ndani ndipo anachita chiyani. Ngati kunyumba kulibe wochisamala, nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri ili pafupi, ndipo ku Zomba kuli nkhokwe ya zolemba za dziko lino. Kafunseni ngati angachilandire. Matimu athu, bungwe loyendetsa mpira la FAM ndi wailesi ya MBC nawonso aitane ochemerera akale kuti abweretse zimene anasunga, zijambulidwe ndi kulembedwa mayina eni ake akadali moyo. Ntchito yosonkhanitsa inagwiridwa kale ndi ana a lezala ndi phala. Yatsala ndi yathu yosamala.