Fodya, Sona ndi Dukhan: Mbiri Yobisala m'Maina

Tikamati "fodya", timayesa kuti ndi liwu lathulathu. Koma mbewuyi kwawo ndi ku America, ndipo akatswiri a zilankhulo amati dzinali linachokera ku liwu la Chipwitikizi lakuti folha, kutanthauza tsamba. Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'chigwa cha Zambezi, m'zaka za m'ma 1500, ndipo n'chifukwa chake Ashona nawonso amati fodya. Ife a m'mbali mwa nyanja tinalandira chipembedzo ndi malonda kudzera njira ya ku Kilwa ndi Zanzibar. Komabe liwu la Chiswahili lakuti tumbaku silinamere mizu m'Chichewa, ngakhale ku Nkhotakota kwa a Jumbe. M'Chiyao timati sona, abale athu Atumbuka amati hona.

Makolo athu sankamudziwa fodya monga mbewu ya okushoni. Ankalima pang'ono kuseri kwa nyumba, nasuta pa kaliwo, kapena kupera n'kumafwenkha. Mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndi wa anthu ofwenkha. Wosuta ndudu sakanaupeka.

Mawu ena anabwera ndi atsamunda. Fodya woyamba wa ku Nyasaland anatumizidwa kunja mu 1893, ndipo msika wa okushoni unatsegulidwa ku Limbe mu 1938. M'nyengo imeneyo ndi pambuyo pake tinazolowera chigafa, jeke, belo, fodya wa chikopa ndi wa bale. Linalowanso liwu lakuti tenanti, limene mabanja ambiri a ku Mangochi ndi ku Machinga amalidziwa bwino, pakuti ana awo ankakwera malole kupita ku maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji, ena n'kubwerako ndi ngongole m'malo mwa ndalama.

M'Chiarabu nkhani yake ndi yozama. Fodya amamutcha dukhan, ndiye kuti utsi. Sura ya 44 ya Qur'an ili ndi dzina lomwelo, koma sikamba za fodya, poti mbewuyi inafika m'maiko a Asilamu patapita pafupifupi zaka 1,000 chivumbulutsidwireni Qur'an. Popeza panalibe lemba lomutchula, maulama anatsutsana. Ahmad Baba wa ku Timbuktu anagamula kuti ndi wololedwa, pamene Sultani Murad IV anamuletsa ku Istanbul mu 1633, ndipo osuta ena anaphedwa. Ambiri anaima pakati, nati ndi makruh, chinthu chonyansidwa nacho. Madokotala atatsimikiza m'zaka za m'ma 1950 kuti kusuta kumayambitsa khansa ya m'mapapo, mafatwa ochuluka anayamba kunena kuti ndi haramu.

Chotichititsa chidwi n'chakuti Aarabu amanena kuti munthu "akumwa" utsi. Ife timati kusuta, liwu losakhudzana ndi kudya kapena kumwa, ndipo mwina n'chifukwa chake chaka ndi chaka pamapezeka wina wofunsa shehe ngati ndudu imamasula swaumu. Yankho la mashehe ndi limodzi: imamasula.

Funso limene limativuta kwenikweni m'makomo mwathu ndi la mlimi. Bambo amene sanasutepo, koma fizi ya ana ndi zovala za pa Idi zimachokera m'chigafa chake, amamva ulaliki wa Lachisanu wodzudzula fodya ali pa mzere woyamba, ndipo mawa lake amalawirira kukathirira nazale.