Chipata cha Mpanda wa Python

Ku Luangwa, boma limene akuluakulu amalitchabe Feira, Zambia imathera pomwe mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, kutsidya kwa Zambezi kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe, ndipo wopita ku Lusaka amayamba wakwera mtunda wautali kukapeza Great East Road. Mnyamata kapena mtsikana wophunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta kumalo ngati amenewa saseweretsa bandulo, poti chilichonse chimene wadawuniloda walipira. N'chifukwa chake mbiri ya kalamulo kakang'ono ka Python kotchedwa --system-site-packages imamukhudza kwambiri.

Guido van Rossum anatulutsa Python, chiyankhulo cholembera mapulogalamu, mu 1991 ali ku Amsterdam. Kalelo mapakeji onse, kunena zidutswa za mapulogalamu zimene ena analemba kale, ankalowa mufoda imodzi yotchedwa site-packages, ndipo ntchito zonse za pa kompyutayo zinkadalira foda yomweyo. Zinthu zinali bwino mapakeji akadali ochepa. Koma nkhokwe ya mapakeji ya PyPI itatsegulidwa mu 2003, n'kubwera pakeji ya Django mu 2005, mikangano inayamba. Ntchito ina inkafuna pakeji yakale, ina yatsopano, ndipo ukakonza kuno unkaononga uko. Pa Linux zinali zoopsa kwambiri, chifukwa zida zina zoyendetsera kompyutayo, monga yum ya Red Hat, zinalembedwanso mu Python.

Mu 2007 Ian Bicking anatulutsa virtualenv, ndipo chaka chotsatira anatulutsa chida choikira mapakeji chimene lero timachitcha pip. Nzeru ya virtualenv inali yoti ntchito iliyonse ikhale ndi mpanda wakewake, zosungira zake zili momwemo. Chimene ambiri anaiwala n'chakuti mpanda woyambawo unali ndi chipata chotsegula cholowera kuchitsime cha mudzi. Ntchito ikasowa pakeji m'kati, inkatenga ya kompyuta yonse, ndipo wofuna kutseka ankachita kulemba yekha --no-site-packages. Panali chifukwa chomveka. Masiku amenewo pakeji monga NumPy kapena lxml pa Linux unkachita kuimanga wekha kuchokera ku chiyankhulo cha C, ntchito yodya nthawi komanso yokonda kukanika panjira. Ngati opanga Linux ya Debian anakumangira kale, unkavutikiranji?

Zinatembenuka mu November 2011, virtualenv 1.7 itatuluka. Kuyambira pamenepo mpanda umabwera wotseka, ndipo wofuna kutsegula ndiye amalemba --system-site-packages. Mu September 2012 Python 3.3 inabwera ndi mpanda wakewake wotchedwa venv, potsatira chikalata cha PEP 405 chimene analemba Carl Meyer. Mpaka lero, ukatsegula foda ya venv umapeza kafayilo ka mizere yochepa kotchedwa pyvenv.cfg, ndipo mzere umodzi umati include-system-site-packages = false. Ukasintha false kukhala true, Python imayamba kufufuza m'kati mwa venv, ikasowa n'kupita ku mapakeji a kompyuta yonse. Nayo pip ikaona kuti chimene wapempha chilipo kale kunjako, sidawunilodanso.

Otseka anali ndi mfundo, ndipo tisawapeputse. Pulogalamu imene ikudalira pakeji ya kunja mwiniwake osadziwa imayenda bwino pa kompyuta yake, n'kukakana pa ya mnzake. Komabe chiganizocho chinapangidwa ndi anthu amene intaneti sinali nkhawa yawo. Kwa iwo kudawuniloda pakeji ya pandas kachisanu n'kudikira pang'ono chabe. Kwa mphunzitsi amene ali ndi makompyuta khumi, ophunzira ambiri ndi bandulo imodzi ya pa foni, ndi ndalama yotuluka m'thumba.

Chaka cha 2023 chinatsitsimutsa nkhaniyi. Ubuntu 23.04 komanso Debian 12, yomwe inatuluka mu June, zinatsata PEP 668, imene imaletsa pip kuika mapakeji molunjika pa kompyuta yonse. Amene anazolowera sudo pip install anangoona uthenga wakuti externally-managed-environment, ntchito n'kuima. Mu October chaka chomwecho Raspberry Pi OS inatsatira, ndipo apa ndi pomwe chipata chija chinafunikanso. Pakeji yoyendetsera kamera ya Raspberry Pi, picamera2, imadalira zida za libcamera zimene zimabwera kudzera mu apt, chida choikira mapakeji pa kompyuta yonse, choncho venv yotseka siziona. Njira yake ndi kupanga venv motere: python3 -m venv --system-site-packages, kenako dzina la foda. Tikompyuta totchipa timeneti ndi tomwe mapulogalamu ophunzitsira popanda intaneti, monga Kolibri, amene analembedwanso mu Python, amakonda kuyenderapo.

Kutsegula kuli ndi mtengo wake. Tsiku limene apt idzasinthe pakeji ya kunja, ntchito ya m'kati imatha kudzuka itasokonekera, mwiniwake asanakhudze kalikonse. Ndipo pip singachotse pakeji ya kunja; imangoika ina m'kati yophimba yakaleyo. Amene anazolowera ntchitoyi amalemba pip freeze --local kuti aone zimene anaika okha, n'kusunga pambali mndandanda wa zimene anatenga kudzera mu apt, kuti wodzalandira ntchitoyo asadzafufuze mwakhungu.