Mmene Malire a Chamoyo ndi Chopanda Moyo Anapezekera

Kalekale palibe ankavutika kusiyanitsa mbuzi ndi mwala. Zosokoneza zinali zapakatikati. Nyama ikagonera masiku inkatuluka mphutsi, chimanga cha m'nkhokwe chinkadzaza anankafumbwe popanda wowalowetsa, ndipo mvula yoyamba ikagwa, dziwe lomwe linali louma gwa chilimwe chonse linkasokosera ndi achule. Maso ankanena kuti tizilomboti timangobadwa m'zinthu zakufa. Aristotle wa ku Greece, amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, analemba zomwezo, ndipo anthu ophunzira a ku Ulaya anamukhulupirira kwa zaka pafupifupi 2,000.

Woyamba kuyesa nkhaniyi mwadongosolo anali dokotala wa ku Italy, Francesco Redi, mu 1668. Anaika nyama m'mitsuko, ina n'kuisiya yosavundikira, ina n'kuiphimba ndi kansalu kopyapyala. Mphutsi zinadzaza m'mitsuko yosavundikira ija, pamene pa yophimba ntchentche zinangoikira mazira pamwamba pa nsalu. Mayi wogulitsa nsomba pamsika wa Soweto mu Lusaka, amene amakhalira kuingitsa ntchentche tsiku lonse, sangadabwe nazo, koma pa nthawiyo zinali zachilendo kuti mphutsi ili ndi make.

Zaka zomwezo magalasi okulitsa zinthu anayamba kuonetsa zimene diso silinaonepo. Mu 1665 Robert Hooke wa ku London anadula kachidutswa ka khungwa la mtengo n'kuona tizipinda tondandalikana, timene lero timati maselo. Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft, ankasula yekha magalasi ake, ndipo anaona tinthu tikusambira m'dontho la madzi a mvula, kenako m'zoyera zimene anapala m'mano mwake. Chikhulupiriro chakale chija chinathawira kumeneko: chabwino, mphutsi ili ndi make, koma tinthu tating'ono chonchi ndiye timangomera tokha. Panapita zaka pafupifupi 200. Matthias Schleiden mu 1838 ndi Theodor Schwann mu 1839 anaonetsa kuti zomera ndi nyama zonse n'zomangidwa ndi maselo, ndipo mu 1855 Rudolf Virchow ananenetsa kuti selo lililonse limachokera ku selo linzake. Louis Pasteur ndiye anatseka mlandu cha m'ma 1860. Anawiritsa msuzi m'mabotolo a khosi lalitali lopindika, loti mpweya uzilowa koma fumbi lizikodwa m'njira. Msuziwo sunasase. Atathyola khosi la botolo, unachita thovu m'masiku ochepa.

Apa m'pamene panachokera mndandanda umene ana a sekondale ku Kabulonga kapena ku Munali amaloweza: chamoyo chimadya, chimapuma, chimakula, chimasuntha, chimamva zochitika pochizungulira, chimataya zoipa za m'thupi, chimabereka. Ine ndimauona wothandiza pamayeso koma woterera ukaugwira wokha. Moto wolusa umadya udzu, umafuna mpweya, umakula, umasiya phulusa, umayatsa moto wina kutsidya kwa msewu. Njere ya chimanga imakhala m'thumba chaka chathunthu osachita chilichonse chooneka. Chimasiyanitsa ziwirizi n'chakuti m'njeremo muli maselo osunga malangizo ochokera kwa kholo, odikira madzi kuti ayambe kudzimanga okha, pamene moto ulibe selo ngakhale limodzi. Thovu la munkoyo wogona masiku nalonso ndi mpweya wotuluka m'maselo a yisiti ndi mabakiteriya amene akudya shuga wa m'phala.

Zofufuza zonsezi, kuyambira kwa Redi mpaka kwa Pasteur, zinkachitika mzinda wa Lusaka kulibe. Unayamba mu 1905 ngati poima sitima, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, n'kudzakhala likulu la dzikolo, lomwe lero ndi Zambia, mu 1935. Chaka chomwecho ku America, Wendell Stanley anasokonezanso malire aja. Kuyambira 1892, Dmitri Ivanovsky wa ku Russia anali ataona kuti chimene chimadwalitsa masamba a fodya chimadutsa m'sefa yokola mabakiteriya onse. Stanley anachiyenga mpaka chinasanduka timibulu tonyezimira ngati mchere, toti n'kusunga m'botolo, koma tikapakidwa pa tsamba la fodya matenda n'kuyambiranso. Ameneyu ndi vairasi: kachingwe ka malangizo kokutidwa ndi mapuloteni, kopanda selo, kosadya, kosapuma, kochulukana pokhapokha katalowa m'selo la wina n'kulilamula kuti lizikapanga.

Anthu a mu Lusaka anakumana ndi mbali zonse ziwiri za malirewa kudzera m'maliro. Kolera imayamba ndi bakiteriya, amene Filippo Pacini anamuona ku Florence mu 1854 ndipo Robert Koch anamutsimikizira ku Calcutta mu 1884. Ameneyu ndi wamoyo ndithu. Ndi selo limodzi lopindika, lokhala ndi kamchira kosambirira, limadya, limakhala m'madzi popanda munthu, ndipo likapeza pabwino limagawikana pawiri ola lisanathe. Likafika m'matumbo limatulutsa poizoni wochititsa thupi kukhuthula madzi ake. Pansi pa mzindawu pali miyala ya laimu yodzaza ming'alu ndi mphanga, moti mvula ikachuluka za m'zimbudzi zokumba zimayenda mosavuta kukafika m'zitsime zosazama za m'makomboni. Wa ku Woodlands wokhala ndi mjigo wake kuseri kwa mpanda asadzinamize, nayenso amatunga pansi pa mzinda womwewo. Mliri wa mu October 2017 unayambira ku Chipata Compound ndi ku Kanyama, mpaka asilikali analowa m'tauni kuchotsa ogulitsa malonda m'misewu. Wa 2023 mpaka 2024 unaposa pamenepo: bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka 12 February, ndipo m'dziko lonse munafa anthu oposa 700. Komabe poti mdaniyo ndi selo, amapheka. Kuwiritsa madzi kumamupha, klorini amamuwononga, ndipo wodwala akabwezeredwa madzi msanga amachira.

HIV, kachilombo koyambitsa Edzi, ndi nkhani ina chifukwa ndi vairasi. Mu 1983 dokotala wa opaleshoni pa chipatala cha UTH mu Lusaka, Anne Bayley, anayamba kuona khansa yapakhungu ya Kaposi ikulusa mwachilendo mwa achinyamata, chimene chinali chizindikiro cha Edzi. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anaulula poyera kuti mwana wake anamwalira ndi Edzi. Kachilombo aka kamalowetsa malangizo ake m'kati mwa malangizo a maselo oteteza thupi, n'kubisala momwemo. Ma ARV, amene zipatala zazing'ono za mu Lusaka zinayamba kupereka ulere mu 2004, sakapha. Amangotsekereza njira zimene kamachulukira, n'chifukwa chake munthu amamwa osalekeza. Pa chifukwa chofananacho, amoxicillin amene anthu amathamangira kukagula akadwala chimfine sagwira ntchito, popeza iye amaphwanya khoma la bakiteriya, ndipo vairasi wa chimfine khomalo alibe.

Akatswiri sanagwirizanebe ngati vairasi aikidwe m'gulu la zamoyo. Mu 1992, m'thanki ya madzi ku Bradford ku England, anapeza kanthu kakakulu moti anakalemba kuti ndi bakiteriya. Ofufuza a ku France anadzalengeza mu 2003 kuti kanali vairasi, wotchedwa mimivirus, wokhala ndi malangizo ochuluka kuposa a mabakiteriya ena, koma wosathabe kuchulukana kunja kwa selo la chamoyo china.