Nthomba inafa chifukwa chokonda munthu yekha

Sabata ino tibwerereko m'mbuyo.

Enafe amene tinakulira kuno ku Dedza, kaya ku Bembeke kaya ku Linthipe, tinawaonako agogo a nkhope yodzaza timaenje. Ukafunsa ankangoti, "Ndi nthomba imeneyi mwanawe." Anali opulumuka, pakuti nthomba yoopsa ija inkapha anthu pafupifupi atatu mwa khumi alionse odwala. Ku Malawi inaoneka komaliza mu 1971, ndipo mu 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti yatheratu padziko lonse.

Nanga inatheka bwanji, pomwe matenda ena akutisautsabe mpaka lero? Katemera anagwira ntchito, inde. Koma chinsinsi china chili mwa kachilomboko.

Tizilombo ta banja la nthomba tili ndi majini okhala ngati makiyi. Kachilombo kakalowa m'selo, selolo limatseka zonse kuti mlendoyo asaswane. Majini monga E3L, K3L ndi C7L ndiwo amatsegula. Kiyi yogwira pa mbewa ikhoza kukanika pa munthu. Kachilombo ka nthomba kanataya majini ambiri pa ulendo wake, mpaka kanatsala ndi khomo limodzi lokha: munthu. Anthu atabayitsa katemera, kanasowa pothawira. Sikakanatha kubisala mwa mbuzi kapena mwa nyani wa m'phiri la Dedza.

Mbale wake, nthomba ya ng'ombe, ali ndi makiyi ambirimbiri. Amalowa mwa makoswe, amphaka, ng'ombe ndi anthu, koma kwa munthu amakhala wofatsa. Ndiye amene Edward Jenner anapangira katemera ku England mu 1796.

Pambuyo pake ku Munich, Anton Mayr anakulitsa kachilombo ka katemera m'maselo a nkhuku maulendo oposa 500. Kanazolowera nkhuku, n'kutaya majini ena, moti sikaswananso mwa munthu. Katemera wa mpox wotchedwa MVA anachokera pamenepo.

Apa ndiye pali nkhani abale. Mpox, yomwe inatipeza kuno mu Epulo 2025, ndi mwana wa ng'ona, sakulira dziwe limodzi. Imakhalanso mwa nyama zakutchire, choncho kuithetseratu ngati nthomba n'kovuta. Komanso katemera wa nthomba, yemwe ankatetezako ku mpox, analekeka nthombayo itatha. Ambirife tinabadwa m'mbuyo mwake.

Ngati kwanu kudakali agogo okumbukira nthomba, khalani nawo pansi muwafunse. Akutha amenewa.