Wilbur Smith ndi Mbiri ya Africa Imene Dziko Linawerenga

Chaka cha 1964 chimakumbukika m'chigawo chino chifukwa cha mbendera ziwiri: ya Malawi inakwera pa 6 Julaye, ya Zambia inakwera pa 24 Okutobala. M'chaka chomwecho, kampani yosindikiza mabuku ya William Heinemann ku London inatulutsa buku loyamba la mwamuna wina wa zaka 31, wobadwira ku Northern Rhodesia, amene ankagwira ntchito mu ofesi ya msonkho ku Salisbury. Bukulo linali When the Lion Feeds, ndipo mlembi wake anali Wilbur Addison Smith. Pamene ulamuliro wa atsamunda unkafika kumapeto kumpoto kwa Zambezi, iye anayamba kusimba za masiku amene ulamulirowo unkazika mizu, ndipo ntchitoyi anaigwira kwa zaka zoposa 50. Pomwe ankamwalira n'kuti atatulutsa mabuku 49, amene anagulidwa makope oposa 140 miliyoni ndiponso kumasuliridwa m'zilankhulo zoposa 30. Anthu ochuluka a ku Ulaya amene sanapondepo mu Africa anadziwa za Azulu, Amandebele, Cecil Rhodes ndi migodi ya ku Johannesburg kudzera m'nkhani zake zopeka. Mlembi wamphamvu chotere ngoyenera kumulondola bwino, kuti zidziwike kumene anachokera, chimene chinamutchukitsa, ndi chimene anasiya m'maganizo a owerenga.

Smith anabadwa pa 9 Januwale 1933, m'banja la azungu ochokera ku Britain. Ali ndi chaka chimodzi ndi theka anadwala malungo a mu ubongo, koma anapulumuka. Bambo ake, a Herbert Smith, anali mmisiri wa zitsulo amene pambuyo pake anatsegula famu yaikulu ya ng'ombe m'mbali mwa mtsinje wa Kafue, kufupi ndi Mazabuka. Anali munthu wa mfuti ndi ulenje, wosasamala za mabuku. Mayi ake, a Elfreda, ndiwo ankamuwerengera nthano usiku. Mwanayo anatengera mbali zonse ziwiri: anakula akusaka nyama m'tchire pamodzi ndi ana a antchito a pafamu, kwinaku akuwerenga mabuku a H. Rider Haggard, amene buku lake la King Solomon's Mines la mu 1885 linasimba za azungu ofunafuna chuma chobisika pakatikati pa Africa. Chithunzi chimenechi, cha mzungu wolimba mtima woyenda ndi mfuti pakati pa anthu akuda omutumikira, anachiona ndi maso pafamu, anachiwerenganso m'mabuku, ndipo sichinam'choke mpaka ukalamba.

Monga ana ambiri a azungu a nthawiyo, anatumizidwa kusukulu zogonera komweko ku Natal, poyamba ku Cordwalles kenako ku Michaelhouse. Iye ankafuna utolankhani, koma bambo ake anamuletsa ponena kuti ntchito yotero ilibe phindu. Choncho anakaphunzira zamalonda pa yunivesite ya Rhodes ku Grahamstown, kumene anamaliza mu 1954, ndipo mapeto ake anapezeka akuwerengera misonkho ya anthu ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Buku loyamba limene analemba linakanidwa ndi makampani onse amene analilandira. Atayesanso, anasiya kutsanzira alembi ena n'kulemba za dziko limene ankalidziwa. Charles Pick wa ku Heinemann anaona kuti m'nkhaniyo muli moyo, ndipo anakhala mlangizi wake kwa zaka zambiri.

When the Lion Feeds ndi nkhani ya mapasa, Sean ndi Garrick Courtney, okulira pafamu ya ng'ombe ku Natal. Moyo wawo ukudutsa m'nkhondo ya Azulu ndi Angerezi ya mu 1879, pamene asilikali a mfumu Cetshwayo anagonjetsa Angerezi ku Isandlwana, kenako m'chipwirikiti cha golide amene anapezeka ku Witwatersrand mu 1886. Boma la South Africa linaletsa bukulo ponena kuti muli zolaula, koma kunja linagulidwa kwambiri, mwakuti Smith anasiya ntchito ya msonkho n'kuyamba kudya za cholembera chake. Apa ndi pamene anapeza njira imene anaitsata moyo wake wonse: kutenga banja limodzi lopeka n'kuliyendetsa, mbadwo ndi mbadwo, pakati pa zinthu zimene zinachitikadi. A banja la Courtney anawadutsitsa m'nkhondo ya Maburu ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902 m'buku la The Sound of Thunder, n'kuwafikitsa m'masiku a ulamuliro wa tsankho m'buku la Rage la mu 1987. Kenako anabwerera nawo m'mbuyo, kunthawi ya zombo zamatanga za m'zaka za m'ma 1600, m'buku la Birds of Prey la mu 1997.

Mafilimu anakulitsa dzina lake. The Dark of the Sun, nkhani ya asilikali aganyu m'zipolowe za ku Congo, inasanduka filimu mu 1968. Gold Mine inatuluka ngati filimu ya Gold mu 1974, ndipo Shout at the Devil inatsatira mu 1976. M'mafilimu awiri omalizawa munali Roger Moore. Komabe chimene chinagwira owerenga ndi kalembedwe kake. Smith sankachedwa ndi malingaliro ozama. Mutu uliwonse unkatha mosiya mtima m'malere, adani ake anali oipa mosabisa, ndipo ankadziwa kufotokoza kununkhira kwa dothi mvula yoyamba ikagwa, mayendedwe a njovu yovulala, ngakhalenso mmene mgodi umakumbidwira, mwakuti wowerenga ankadzimva ngati ali pomwepo. Mabuku ake ankagulitsidwa otsika mtengo, a zikuto zofewa, m'mabwalo a ndege ndi m'masiteshoni a sitima, ndipo anakondedwa kwambiri ku Italy. M'chigawo chino anadzaza malaibulale a m'matauni, ndipo mpaka lero makope ake akutha, opindika m'makona, amapezeka pamilu ya mabuku akaunjika m'misewu ya Blantyre, Lusaka ndi Harare.

Mabuku amene amakhudza kwambiri anthu a m'mbali mwa Zambezi ndi anayi a banja la Ballantyne, otuluka pakati pa 1980 ndi 1984. A Falcon Flies ikuyambira mu 1860, pamene Zouga ndi mlongo wake Robyn akufunafuna bambo awo, mmishonale woyendayenda wofanana kwambiri ndi David Livingstone, m'masiku a malonda a akapolo. Men of Men ikusimba za dayamondi wa ku Kimberley, za Rhodes, ndi za kugwa kwa ufumu wa Lobengula mu 1893. The Angels Weep ikulumikiza kuukira kwa Amandebele kwa mu 1896 ndi nkhondo yomenyera ufulu ya m'zaka za m'ma 1970, pamene The Leopard Hunts in Darkness ikufika mu Zimbabwe wodzilamulira. Kampani ya Rhodes ya British South Africa imene ikutchulidwa m'mabukuwa si yachilendo kwa anthu a ku Chipata ndi Mchinji, pakuti inali ndi mbali pa nkhondo imene inathyola Angoni a Mpezeni mu 1898, ndipo inalamulira Northern Rhodesia mpaka 1924. Nkhondo ya ku Mozambique, imene inathamangitsira anthu ochuluka ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndiyo maziko a A Time to Die ya mu 1989.

Kunena chilungamo, Smith sanabise nkhanza zonse za atsamunda. Rhodes wa m'mabuku ake ndi munthu wadyera ndiponso wachinyengo, ndipo Amandebele monga Bazo ndi mkazi wake Tanase anapatsidwa mawu, ulemu ndi zifukwa zomveka zomenyera nkhondo. Koma pakati pa bwalo pamaima mzungu pafupifupi nthawi zonse. Munthu wakuda wabwino kawirikawiri amakhala mnzake wokhulupirika wa mzunguyo, monga Mbejane amene amatsata Sean Courtney kulikonse, kapena msilikali wolimba mtima amene mapeto ake ndi kugonja. Wakuda wophunzira amene akufuna ulamuliro nthawi zambiri amajambulidwa ngati woopsa. Dziko lenilenilo limaoneka ngati thengo lodzala ndi nyama ndi chuma, lodikira munthu wamphamvu woti alitenge, osati midzi ya anthu okhala ndi minda, manda ndi malamulo awo.

Chitsanzo chowawa kwambiri ndi The Sunbird ya mu 1972, buku limene Smith mwini ankalikonda. Limasimba za mzinda wakale wamiyala kummwera kwa Africa umene unamangidwa ndi anthu oyera khungu ochokera ku nyanja ya Mediterranean, n'kudzawonongedwa ndi gulu la anthu akuda. Nthano imeneyi sinayambe ndi iye. Kuyambira m'masiku a Rhodes, atsamunda ankaumirira kuti mabwinja a Great Zimbabwe sangakhale ntchito ya Aafirika. Akatswiri ofukula zakale anatsutsa bodzali kalekale: David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anasonyeza kuti omanga ake anali anthu akuda a m'dzikomo. Komabe boma la Ian Smith silinkafuna kumva zimenezo, ndipo katswiri Peter Garlake anachoka ku Rhodesia mu 1970 chifukwa chokana kubisa choonadi. Patangopita zaka ziwiri, buku lokoma kuwerenga linafalitsa nthano yomweyo kwa anthu ochuluka kuposa amene akanatsegula lipoti la katswiri aliyense. Mlembi wa nkhani zopeka ali ndi ufulu wopeka, koma bodza likavala zovala za mbiri limayenda mtunda wautali.

Mu 1993 Smith anasintha bwalo n'kupita ku Egypt wakale ndi buku la River God, losimbidwa ndi kapolo wanzeru dzina lake Taita. Kumapeto kwa bukulo analemba ngati kuti nkhaniyo anaitenga m'mipukutu yopezeka m'manda akale, ndipo owerenga ena anakhulupiriradi, ngakhale kuti mipukutuyo inali yopeka. Bukulo linamubweretsera owerenga atsopano ambiri, ndipo Taita anabweranso m'mabuku ena angapo. Atakalamba, mu 2012, anasaina pangano ndi kampani ya HarperCollins lolola kuti mabuku ena azilembedwa mothandizana ndi alembi anzake. Golden Lion ya mu 2015 anailemba ndi Giles Kristian. Ena mwa omukonda anadandaula kuti dzina lasanduka chizindikiro cha malonda, koma mabukuwo anapitirira kugulidwa. Pamodzi ndi mkazi wake Niso anakhazikitsa bungwe limene limapereka mphoto kwa olemba nkhani za maulendo ndi zoopsa. Mbiri ya moyo wake, On Leopard Rock, inatuluka mu 2018, ndipo iye anamwalira ku Cape Town pa 13 Novembala 2021 ali ndi zaka 88.

Mbiri ya chigawo chino sinasowe eni ake oilemba. Sol Plaatje anatulutsa Mhudi mu 1930, nkhani ya masiku a Mzilikazi yoonedwa ndi maso a Abarolong. Stanlake Samkange wa ku Zimbabwe, m'buku la On Trial for My Country la mu 1966, anaimika Lobengula ndi Rhodes pabwalo la milandu kuti aliyense ayankhe pamaso pa anthu akwawo. Bukuli linatuluka mu African Writers Series, mndandanda umene nthambi yamaphunziro ya Heinemann inayamba mu 1962 motsogozedwa ndi uphungu wa Chinua Achebe. Motero dzina limodzi la Heinemann linanyamula mbali zonse ziwiri za mlandu. M'Chinyanja, Samuel Josia Ntara analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa, ndipo Steve Chimombo anaika nkhani ya M'bona pabwalo la zisudzo mu The Rainmaker. Kusiyana kwake kunali pamsika. Mabuku a Samkange ndi anzake ankawerengedwa makamaka m'makalasi, pamene a Smith ankawerengedwa m'sitima, m'ndege ndi pogona, ndi anthu osakakamizidwa ndi mayeso.

Pamenepa ndi pamene pagona phunziro la moyo wa Smith kwa olemba m'Chichewa ndi Chinyanja, kaya ali ku Kasungu, ku Katete, ku Angonia kapena ku Mbare. Nkhani zoti n'kudzaza mabuku zilipo zambiri: ufumu wa Kalonga ndi wa Undi, kuwoloka Zambezi kwa Zwangendaba mu 1835, misika ya akapolo ya ku Nkhotakota, kuukira kwa John Chilembwe mu 1915, ndi maulendo a amuna amene ankapita pansi ku Joni ndi ku Halale n'kusanduka matchona. Smith anasonyeza kuti anthu amamva ludzu la mbiri ikasimbidwa kudzera mwa munthu wokhala ndi dzina, chikondi, mantha ndi adani. Mabuku ake ngoyenera kuwawerenga ndi maso otsegula, popeza mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Iye anasimba zimene mwana wa mwini famu ankaona ali pakhonde la nyumba ya bambo ake m'mbali mwa Kafue. Zimene ankaona ana a antchito amene ankasaka naye nyama zikudikirabe wozilemba.