Malamulo a HTML ndi Malo a Tsamba pa Zotsatira za Google

Tsamba lililonse la pa intaneti limalembedwa m'chinenero cha kompyuta chotchedwa HTML, chimene chimagwiritsa ntchito zizindikiro pouza pulogalamu yotsegulira masamba, monga Chrome kapena Firefox, kuti apa ndi mutu, apa ndi ndime, apa ndi chithunzi. Kwa zaka zambiri malamulo a chinenerochi ankasamalidwa ndi bungwe la W3C, limene Tim Berners-Lee anakhazikitsa mu 1994, koma kuyambira mu 2019 udindowu uli m'manja mwa gulu la WHATWG. Bungwe la W3C lili ndi chida chaulere chimene chimawerenga tsamba n'kutchula zolakwika zake, ndipo tsamba limene lapezeka lopanda cholakwa limatchedwa lovomerezeka.

Okonza mawebusaiti akhala akutsutsana ngati tsamba lovomerezeka limaikidwa pamwamba pa anzake munthu akafufuza chinthu pa Google. Ogwira ntchito kukampaniyi, makamaka Matt Cutts, amene ankatsogolera gulu lolimbana ndi masamba achinyengo, ndiponso John Mueller, anafotokoza kangapo kuti kuvomerezeka pakokha sikukweza tsamba. Chifukwa chake chimaoneka bwino pa kafukufuku amene kampani ya Opera inatulutsa mu 2008, pamene inayesa masamba pafupifupi 3.5 miliyoni n'kupeza kuti ovomerezeka anali pafupifupi 4 okha pa 100 alionse. Makina ofufuzira akanati azilanga tsamba lililonse lolakwika, bwenzi akukwirira nkhani zabwino zochuluka zolembedwa ndi aphunzitsi, madokotala ndi alimi amene luso lawo si la makompyuta. Kuwonjezera apo, malamulo a HTML5, amene W3C inawavomereza mu 2014, amalongosola mmene pulogalamu iyenera kukonzera yokha malembo olakwika, ndipo Googlebot, pulogalamu imene imayendera masamba m'malo mwa Google, kuyambira mu 2019 imawawerenga pogwiritsa ntchito Chromium yatsopano, yomwe ndi maziko a Chrome.

Komabe amene angamve zimenezi n'kuganiza kuti zolakwika zonse n'zopanda vuto akhoza kudziwononga yekha, chifukwa pali zolakwika zina zimene zimabisira makina uthenga wofunika. Chitsanzo chomveka chili m'gawo loyamba la tsamba lotchedwa head, limene wowerenga saliona koma limasunga dzina la tsamba, mawu olifotokoza mwachidule, malangizo onena ngati tsambalo lisungidwe m'kaundula wa Google kapena ayi, komanso chizindikiro chosonyeza adiresi yeniyeni pamene nkhani imodzi ikupezeka pa maadiresi angapo. Malangizo a Google amanena kuti chinthu chosaloledwa, monga chithunzi, chikaikidwa m'gawoli, makina amaona ngati gawolo lathera pomwepo ndipo sawerenganso zimene zalembedwa pambuyo pake. Motero kachizindikiro kamodzi koikidwa pamalo olakwika kangachititse kuti tsamba la Chichewa lisalumikizidwe ndi linzake la Chingerezi, kapena kuti tsamba limene mwini wake sanafune kuti lioneke lituluke poyera. Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso ndi malembo a schema.org, amene Google, Bing ndi Yahoo anayambitsa mu 2011 pofuna kuti mitengo ya katundu, masiku a zochitika ndi zina zotero zizioneka pa zotsatira. Malembowa akalakwika, tsamba limakhalabe pa mndandanda koma zokometserazo sizioneka.

N'zomvetsa chisoni kuti mkanganowu umakonda kuiwala munthu wosaona amene amadalira pulogalamu yowerenga mokweza, pakuti iyeyu ndi amene amavutika kwambiri mitu ikasokonezeka kapena chithunzi chikasowa mawu ochifotokoza. Ngakhale pankhani imeneyi, chimene chimayesedwa ndi vuto lenileni limene cholakwa chabweretsa kwa wowerengayo, moti mu 2023 malamulo a WCAG 2.2, onena za kufikirika kwa masamba kwa anthu olumala, anachotsa lamulo lakale lofuna kuti zizindikiro zonse zitsegulidwe ndi kutsekedwa bwino, popeza mapulogalamu amakono anali atayamba kale kukonza okha zolakwika zoterozo.